Madzi Opanda Tsidya

Manja anga ndi oipa. Ndikamapereka moni kutchalitchi anthu sachedwa kubweza dzanja lawo, chifukwa zala zanga zili ndi zipsera zokhazokha ndipo chikhatho n'chokhakhala ngati cha munthu woumba njerwa. Zonsezi ndi magalasi. Zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikusinja mabotolo kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Feira m'mphepete mwa Zambezi, kuwasungunula m'ng'anjo, n'kupanga mbale ndi timawindo tamitundu timene alendo amagula n'kukapachika kwawo. Ntchitoyi ndatopa nayo, sindibisa. Msana umawawa, maso amalasa ndi utsi, ndipo mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi, ine ndimakhala ndikusonkhezera moto.

Amene anandilowetsa m'mavuto amenewa ndi bambo anga, amene tinkawatchula kuti Ababa. Iwo sanali a kuno. Anabadwira ku Mozambiki, kumunsi kwenikweni kumene Zambezi amathera m'nyanja yamchere, ndipo ali mnyamata anagwirako ntchito ku Beira kwa mmisiri wina woika magalasi m'mawindo. Nkhondo itavuta kwawoko anathawa chokwera mtsinje, mudzi ndi mudzi, mpaka anafika ku Zumbo, kumalire a dziko lawo. Atawoloka mtsinje wa Luangwa anakumana ndi mayi anga, Achikunda a kwa Mphuka, ndipo ulendo unathera pomwepo. Anafika ndi malaya amodzi ndi kachidutswa ka galasi komanga pakansalu. Anakatola pamchenga kwawo ali mwana. Mafunde anali atakapala mpaka kusalala ngati nthanga ya bwemba, ndipo mtundu wake sunali wobiriwira ngati msipu, sunalinso buluu wa kumwamba, unali pakati penipeni. Ankati nyanja ya kwawo imaoneka choncho m'mawa kukakhala bata.

Ababa sanali munthu wolankhulalankhula, koma pa nkhani ya nyanja ankatopetsa. Nsomba za kuno ankadya, inde, koma sankalephera kunena kuti zilibe mchere m'thupi. Zambezi yense uja, amene amameza mabwato ndi anthu omwe, iwo ankamutcha ngalande. Amayi akali moyo ankawayankha kuti, "Ngalande yamene iyo ndiye ikudyetsani, na mkazi munamupeza pa ngalande." Iwo ankangoseka n'kutulutsa kagalasi kawo kaja, n'kukaloza kudzuwa. Ife ana tinkawanyoza chamumtima. Tinkati munthu angakonde bwanji madzi oti sungamwe, sungathirire dimba, sungachapire?

Kwawoko sanabwererenso. Nkhondo itatha anzawo ena anapita, koma iwo anamva kuti abale awo onse anamwazikana, ena anafa, ndipo mudzi unasanduka tchire. Ankati, "Nikapeza ndani?" Motero nyanja inatsala m'mutu mwawo ndi m'kansalu kaja basi.

Ng'anjo anaiumba okha ndi dothi la pachulu, ndipo ndi yomweyo ndikugwiritsabe ntchito lero, ngakhale ndaimata kambirimbiri. Kachitidwe kake n'kotere. Mabotolo umawatsuka, n'kuwasinja mumtondo wachitsulo utamanga nsalu kumphuno. Ufa wake umausefa, wosalala pawokha, wamiyalamiyala pawokha, mtundu uliwonse m'chitini chake. Ukatero umatenga chikombole chadongo, n'kuchipaka phulusa losefa kuti galasi lisamatirire, kenako umawaza ufa uja ndi zala monga momwe ukufunira kuti chithunzi chioneke. Moto wake ndi wa nkhuni za mupani, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Galasi likasungunuka umamata pakhomo pa ng'anjo ndi matope n'kuchokapo masiku atatu. Ukatsegula msanga, mphepo ikangolowa, zonse zimasweka. Ababa ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine mwambi umenewu ndinkadana nawo kuyambira ndili mtsikana. Lamulo lina linali lakuti mabotolo ena sakwatirana. Ukasakaniza awiri osagwirizana, mbale imatuluka yokongola bwinobwino, koma pakapita tsiku kapena sabata imang'aluka yokha ili pashelefu.

Zaka zonse zimene Ababa anali ndi mphamvu, nyanja yawo sanaipange. Mabotolo a kuno nthawi imeneyo anali a mowa okhaokha, ofiirira ndi obiriwira, ndipo ndi amenewo ankapanga mikanda, mbale ndi timagalasi ta m'mawindo a matchalitchi a m'midzi, n'kutilera nazo. Mabotolo a buluu anayamba kupezeka pamene kumtunda kwa Kavalamanja kunatsegulidwa malo ogona alendo obwera kudzawedza nsomba. Alendowo amamwa mowa wotchedwa jini wa m'mabotolo a buluu, ndipo msuweni wanga amene amaphika kumeneko anayamba kundisungira. Sachuluka. Nyengo yonse ya alendo ukhoza kupeza thumba limodzi losadzaza n'komwe. Koma pamene buluu ankafika, manja a Ababa anali atayamba kunjenjemera, moti ufa sunkagweranso pamene akufuna.

Kenako anayamba kugunda zinthu. Ankapunthwa pa ndowa ili pambali pawo, mwana akadutsa chapafupi osamuona. Ndinawatengera kuchipatala ku Katondwe, ndipo kumeneko anatiuza zoona zokhazokha. Anati si ng'ala yoti angaichotse, koma mtsempha wa m'maso ndi umene ukufa pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali kulowa pakati. Anatipatsa mankhwala odontheza oti achedwetse, osati kuchiritsa. Ndinabwerera nawo Ababa kunyumba. Titafika pakhomo anakhala pansi pa mtengo wa msau umene uli pabwalo pathu, n'kumasula kansalu kaja, n'kundipatsa kagalasi m'manja. Chibadwire changa anali asanandilolepo kukagwira.

"Mwanangu," anatero, "maso yayamba kulonga katundu. Unipangireko nyanja niione yakalibe kuyenda."

Ndinawauza kuti m'foni ya mwana wanga muli nyanja zambirimbiri, zoyenda ndi mafunde omwe. Anayang'anamo kamphindi n'kuibweza. Anati imeneyo ndi nyanja ya m'kabokosi ka machesi, dzuwa silipyola. Iwo ankafuna ya galasi, yaikulu ngati lichero, yoti aikweze m'mwamba kuwala kudutsemo.

Ndinavomera mosavuta, chifukwa ndinkadziona ngati katswiri. Mbale zanga za mtsinje zinkagulidwa kuposa za Ababa, ndipo ndinkanyada nazo. Ndinaganiza kuti vuto lonse ndi mtundu. Mwezi wathunthu ndinakhala ndikuyesa timiyeso ting'onoting'ono, buluu pang'ono, botolo loyera pang'ono, lobiriwira la vinyo pang'ono, n'kumayerekeza ndi kagalasi kaja mpaka ndinapeza msakanizo wogwirizana nako, wosasweka. Pamenepo ndinayala chikombole chachikulu. Pansi ndinaika ufa woyera wamiyalamiyala kuti ukhale thovu la mafunde, pakati madzi, ndipo pamwamba ndinawaza mzere wa ufa wofiirira wa mabotolo a mowa, wonenepa ngati chala, monga ndimachitira pa mbale iliyonse ya madzi.

Patapita masiku atatu ndinaitulutsa ili yathunthu. Ndinathamanga nayo kumsau kuja ikadali yofunda. Ababa anaikweza kudzuwa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, ine nditaima chilili kudikira kuyamikiridwa.

"Nkhabe," anatero. Ndi mawu a kwawo okanira, ndipo akawatchula sipakhalanso zokambirana. "Uyu ni Zambezi."

"Ababa, mtundu ni uja wamene wa kagalasi kanu. Linganizani muone."

"Mtundu wagwira. Manje ichi n'chiyani?" Chala chawo chachikulu chinali pa mzere wofiirira uja.

"Ni tsidya."

"Nyanja ilibe tsidya."

Ndinaseka, chifukwa ndinkayesa kuti ndi kukokomeza kwawo kwa masiku onse. Kusukulu ndinapitako, ndipo ndinkadziwa kuti nyanja yamchere ndi yaikulu. Koma ine ndine mwana wa pa Feira. Ukaima pa mathiriro, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, kuno ukuona nyumba za ku Zumbo, uko ukuona mapiri a ku Zimbabwe. M'mawa timamva atambala a dziko lina. Madzi timawayeza ndi nthawi imene munthu amapalasa kuti awoloke, ndipo mwana akangoyamba kulankhula amaloza n'kufunsa kuti tsidya kuli ndani. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ine ndinakulira limodzi lomweli. Mutu unkavomereza zimene Ababa ankanena, koma m'maso mwanga madzi opanda gombe kumapeto kwake anali chithunzi chosamaliza. Ndinangoganiza kuti akutanthauza kuti tsidyalo lili kutali kwambiri, ndiye liyenera kuchepa.

Mbale yoyambayo inagulidwa ndi mlendo sabata yomweyo, ndipo anaiyamikira kwambiri mzere womwewo. Zimenezi zinandilimbitsa mutu.

Yachiwiri ndinaipanga mwezi wa Ogasiti. Tsidya ndinalichepetsa mpaka linakhala ngati udzu umodzi wogona. Ndinadziuza kuti ndi maso awo ofookawo mwina saliona n'komwe, ndipo tonse tikhala okhutira. Nditaitulutsa ndinaiika pashelefu kuti ndikaipereke Lamlungu tikabwera kutchalitchi. Loweruka masana ndikutsuka mbale panja ndinangomva kuti the! m'nyumba. Ababa anali pakhonde, ndipo sanatembenuke n'komwe.

"Yang'ambika pa tsidya," anatero.

Ndinalowa n'kupeza ndi momwemo. Mng'alu unatsata mzere uja kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Buluu wa jini ndi ufa wofiirira wa mowa sizikwatirana, ndipo lamulolo ndinkalidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Pa mbale zing'onozing'ono, ngakhalenso pa yoyamba ija, ndinkapulumuka mwamwayi. Koma pakamwa panga ndinanamizira nkhuni kuti zinali zaziwisi, ndi mphepo ya Ogasiti kuti inalowa pamng'alu wa ng'anjo. Ababa sananditsutse. Anangofunsa kuti mabotolo a buluu atsala angati.

Anali atatsala okwanira mbale imodzi. Yachitatuyo ndinaiwotcha kumapeto kwa Okutobala, kutentha koti ukaponda mchenga wopanda nsapato umavina. Ufa wofiirira sindinaukhudze. Ndinayala madzi mpaka pamwamba, n'kuima n'kuyang'ana chikombolecho, ndipo mtima sunakhazikike. Chinkaoneka ngati nsalu yosapinda m'mphepete. Ndinatapa ufa wobiriwira kwambiri wa mabotolo a vinyo, umene umagwirizana ndi buluu, n'kuwaza pang'ono chabe pamwamba, ngati mapiri a kutali akaphimbika ndi utsi wa lupsa. Ndinadziuza kuti limenelo si tsidya, ndi mthunzi basi.

Nthawi imeneyo Ababa ankaona ngati munthu wosuzumira m'bango. Chinthu chachikulu sankachiona chonse nthawi imodzi. Anagwira mbaleyo n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono patsogolo pa diso lakumanja, kuyambira pansi. Pa thovu anagwedeza mutu. Pa madzi anamwetulira, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyenda ngati akuwerenga. Atafika pamwamba anaima. Anatsitsa mbaleyo n'kuiika pamiyendo.

"Ukali kuyopa," anatero.

Ndinapsa mtima. Masiku anayi ndinali nditapsa ndi moto, nsidze zitawauka, mwana wanga wamkazi akudandaula kuti pakhomo palibe wophika, ndipo munthu akundiuza kuti ndikuopa. Ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiluma. Ndinati, "Ababa, ngati nyanja yanu inali yabwino so, munaisiyira chani? Ife a pa ngalande tatopa nayo."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Ndinayamba kuchita manyazi, ndipo iwo analankhula motsitsa, osati ngati akundiyankha ine.

"Kuno madzi yalionse yali na mwine wake ku tsidya. Ukapalasa pang'ono, uyu afuna pepala la pa malire. Ukapalasa uku, winanso afuna pepala. Zaka zonse izi maso yanga yakayenda pa madzi yagunda phiri, yabwerera. Kwathu ukaima pa mchenga kuseni, dzuwa likutuluka, maso yayenda chabe, yayenda, palibe choyabweza. Chifuwa chitseguka. Ni chamene icho nifuna, mwanangu. Mtundu nili nao kale mu kansalu."

Pamenepo m'pamene ndinamva, patatha miyezi isanu ndi mabotolo a chaka chonse. Ndinatenga mbale ija n'kubwerera nayo kuseri, ndipo ndinakhala pa mtondo wachitsulo n'kulira ndi mkwiyo wodzikwiyira ndekha. M'chitini cha buluu munali mutatsala ufa wosadzaza n'chikho chomwe.

Mvula inayamba mu Novembala, ndipo malo a alendo aja anatsekedwa monga amachitira chaka chilichonse mpaka madzi ataphwera. Msuweni wanga anabwerera kumunda kwake. Ndinafunafuna buluu paliponse. Ndinauza amayi ochita malonda a ku Zumbo, anandibweretsera timabotolo tiwiri ta mafuta onunkhira tosakwana kanthu. Ndinapita m'mabala a pa boma n'kumafukula m'maenje a zinyalala ngati wamisala, anthu akundiseka. Kenako ndinaswa mbale yachiwiri ndi yachitatu, n'kudula mbali za tsidya n'kutaya, zotsalazo n'kuzisinjanso. Ndinawotcha ndi nkhuni zimene ndinaumitsa m'khitchini milungu iwiri. Galasi lowotcha kawiri silibwereranso. Linatuluka lotuwa ngati madzi otsukira mpunga, kuwala osadutsa. Sindinawaonetse n'komwe Ababa.

Miyezi ya mvula imeneyo ndi imene inanditopetsa kuposa zaka zonse za ng'anjo. Panalibe chochita koma kuwadontheza mankhwala m'mawa ndi madzulo, n'kumaonerera bango lija likutsekeka. Mu Disembala ankathabe kuona nkhope yanga ndikaima patsogolo pawo penipeni. Mu Januwale anathira tiyi pambali pa kapu, n'kupitiriza kuthira mpaka anamva kutentha paphazi. Tsiku lina mu Febuluwale, dzuwa lili paliwombo, anandifunsa chifukwa chake sindinatsegule chitseko, chikhalirecho anali atakhala panja. Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa za mabotolo. Kusafunsako kunkandipweteka kuposa kufunsa. Ndikawapatsa chakudya ankathokoza mwaulemu ngati mlendo, ndipo za mawu anga aja sanazitchulenso.

Thumba linafika kumapeto kwa Epulo. Msuweni wanga analitumiza pa bwato la asodzi, mabotolo asanu ndi anayi, atawakulunga m'masamba a nthochi. Mwana wanga anandifunsa kuti ndikuvutikiranji, popeza agogo ake saonanso. Ndinangomuuza kuti andibweretsere sefa.

Ndinasinja tsiku lonse. M'mawa mwake ndinapaka chikombole phulusa n'kuyamba kuyala. Thovu pansi. Kenako madzi obiriwirako a pafupi ndi mchenga, kenako buluu weniweni. Ndikamakwera ndinkawonjezera ufa wa botolo loyera pang'onopang'ono, kuti mtundu uzipepuka mpaka kumapeto kukhale galasi loyera lokhalokha. Nditafika pamwamba ndinadzidzimuka nditaona dzanja langa lili kale m'chitini cha ufa wofiirira, zala zitatapa. Sindinalitume. Linapita lokha, monga phazi limapitira kunjira ya kumadzi. Ndinakutumula zalazo pansi, n'kusamba m'manja, n'kunyamula chitini chofiirira ndi chobiriwira chija kukazisiya kwa aneba. Mayi wa pamenepo anandiyang'ana modabwa, ine n'kungomuuza kuti asandipatse ngakhale ndipemphe.

Nditabwerera ndinayang'ana chikombolecho ndipo sichinandisangalatse. Kumtunda kwake kunali mbee, kopanda pogwira diso. Ndinachilowetsa m'ng'anjo msangamsanga ndisanasinthe maganizo.

Moto unayaka bwino tsiku limenelo. Madzulo ndinamata pakhomo ndi matope, n'kuyamba kudikira. Tsiku lachiwiri ndinapita kukagwira khoma la ng'anjo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ababa anamva mapazi anga akupita ndi kubwera, ndipo ali pamsau paja anati, "Usatsegule." Ndi mawu okhawo amene ananena pa ntchito yonseyo, ndipo ndinadziwa kuti akhala akumvetsera kuyambira tsiku losinja.

Ndinatsegula m'mawa wa tsiku lachinayi, nditawonjezera dala tsiku limodzi. Inatuluka yathunthu. Ndinaitsuka phulusa ndi madzi ofunda, n'kupala m'mphepete ndi mwala kuti isacheke munthu. Nditaikweza kudzuwa ndinaima kaye. Maso anga anayambira pa thovu, n'kukwera, n'kukwera, ndipo sanapeze poima. Anangotuluka m'galasimo n'kupitirira kumwamba. Ndinali ndisanaonepo chinthu chotero chochokera m'manja mwanga, ndipo sindinasangalale. Ndinangomva chisoni kuti chinthu chophweka chonchi, chongofuna kuti ndisiye kuwaza ufa wa chitini chimodzi, ndinachichedwetsa chaka chathunthu.

Ababa anali pampando wawo pansi pa msau. Ndinagwada n'kuwaika mbaleyo m'manja.

"Ababa, nabweretsa."

Anaikweza m'mwamba monga ankachitira kale, koma analoza kolakwika, kukhoma la nyumba. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuzira kum'mawa. Kuwala kwa buluu kunagwera pankhope pawo, pandevu zoyera ndi pamalaya, kumagwedezeka chifukwa manja ankanjenjemera. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana pambali pang'ono pa mbaleyo.

"Mwaonako, Ababa? Olo pang'ono?"

"Leka chongo," anatero, kundiletsa phokoso.

Anaitsitsa n'kuiika pamiyendo. Chala chachikulu chinayambira pansi, pa thovu lokhakhala lija, n'kuchedwapo. Kenako chinayamba kukwera pang'onopang'ono. Pamene mitundu iwiri ya galasi yakumana pamatsala kamzere kotukuka, kosaoneka bwino ndi maso koma chala cha mmisiri chimakamva, ndipo ndinadziwa kuti ndi kameneko akukafuna. Chalacho chinadutsa pakati, chinafika pamene ndinkaika tsidya, chinachedwa, n'kupitirira mpaka chinatsetsereka m'mphepete n'kugwera m'malere. Anabwerera pansi n'kuyambiranso chakumanzere. Anayambiranso chakumanja. Ulendo wachitatu chala chitagwera m'malere anachisiya momwemo, chili m'mwamba.

"Wachotsa," anatero.

"Nachotsa, Ababa."

"Nkhala pansi apa. Ikweze iwe, uniuze chamene uona."

Ndinakhala pa dothi pambali pa mpando wawo n'kuikweza kudzuwa. Ine amene nyanja sindinaionepo, ndipo mpaka lero sindinaione, ndinayamba kuwafotokozera eni ake.

"Pansi pali thovu."

"Kutsogolo?"

"Madzi yobiriwira."

"Kutsogolo?"

"Madzi. Ya buluu manje."

"Pitiriza."

"Madzi chabe, Ababa. Yayamba kuyera."

"Na kutsogolo kwake?"

Ndinayang'anitsitsa, ngati kuti mwina china chake chinatsalira. "Kulibe chilichonse."

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza mutu wanga, n'kukhala pamenepo, lolemera.

"Ni kwathu uko," anatero.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho, ndipo kagalasi kawo kaja tinawaika nako m'thumba la malaya. Mbaleyo ili pawindo la chipinda chimene ankagona. Alendo akabwera kudzasankha katundu amaiona, ndipo wina anandifunsapo ngati ndidzaimalize. Iwo amafuna mtsinje, tsidya lake ndi njovu pamwamba, ndipo ndimawapangira, chitini chofiirira chija ndinakachitenga kwa aneba. Koma m'mawa uliwonse ndisanayatse moto ndimalowa m'chipindamo n'kuyendetsa chala pagalasipo kuyambira pansi, mpaka chigwere m'malere.